Ilire Mbalule, Atuluke Omanga Mayiko a M'galasi

Wambani ng'oma, anyamata, zikopa zalefuka ndi mame. Mbalule ikhale patsogolo, mpanje pambali pake, gunda kumbuyo. Lero sititamanda mfumu ya mudzi kapena mlenje wopha njati. Tikuitana akuluakulu a kutsidya kwa nyanja, obadwira m'timaofesi ta ku England, m'magalaja a ku America ndi pa yunivesite ina ya ku Canada: mapulogalamu amene anayamba kuuza munthu wokhala pa kompyuta ya pakhomo kuti galasi lija akuliyang'analo n'lolowamo. Eni ake ankati virtual reality. Ena anakumana nawo akadali atsopano m'sitolo, enafe tinawapeza mochedwa pa makina amene eni ake anali atatopa nawo, koma kulodzedwa kwake kunali kumodzi. Mayina awo ndi opunthwitsa lilime. Musaope, ng'oma siifunsa mtundu wa wovina.

Gu! Gu! Gu-gu-gu!

Mlendo salonjeredwa panjira, ndiye tiyambe ndi nyumba zimene ankagonamo. Wawa a ZX Spectrum, mwana wa Clive Sinclair wa 1982. Kabokosi-kakuda, Mabatani-a-labala, Mlanda-TV-ya-banja, Wolira-asanalankhule! Memori yanu inali 48K, moti chithunzi chimodzi cha pa foni ya lero sichikanalowamo ngakhale mwendo wokha. Pulogalamu inkabwera kwa inu pa kaseti, kaseti yomweyi ya nyimbo, ikulira tswiii, kwrrr, mizere ikuthamanga m'mphepete mwa sikirini, mwana atagwira mpweya kwa mphindi zingapo poopa mawu aja oti R Tape loading error, amene ankamutuma kubweza tepi n'kuyambiranso. Wawa a Commodore 64, a mawu okoma ndi miyendo yolemera. Wawa a Amstrad CPC. Wawa a Amiga ndi a Atari ST, osamwerana madzi mpaka kumanda. Wawa a PC a 386, ovala zotuwa za mu ofesi, olankhula DOS, amene pamapeto pake munalowa ufumu wa onsewa.

Tsopano tulukani a Driller, mwana wachisamba wa mfunda wa Freescape. Mboola-mwezi! Mphwetsa-chotupa! Woyenda-modumpha-osagwa! Munabadwa mu 1987 ku kampani ya Incentive Software ya Ian Andrew. Akulu anu analipo, sitikuwanyoza: a Elite a 1984 ndi zombo zawo za mizere, a Mercenary a Paul Woakes a 1985 amene anamanga mzinda wathunthu ndi mizere yokhayokha, ngati galimoto ya mawaya imene ana amapinda kumudzi, yoti ukayang'ana chitseko cha kuno ukuona ndi cha uko chomwe. Inu munabwera n'kumata makoma. Khoma linakhala khoma, lobisa za kuseri kwake. Munatiika pa mwezi wotchedwa Mitral, wotupa ndi gasi amene anasiyidwa ndi okumba migodi osasamala, ndipo munatilamula kuti m'zigawo zake zonse 18 tipeze pamene gasiyo wasonkhana, tiimikepo chitsulo choboolera, atuluke mwezi usanaphulike. M'bokosi lanu munatiikiranso pepala lolimba loti tipinde likhale Mitral wa m'manja, poti munkadziwa kuti tisochera.

Wa mpanje, chepetsa liwiro. Imba monga ankayendera mwini wake.

Du ... du ... du ...

Pa Spectrum chithunzi chinkasintha pafupifupi kamodzi pa sekondi. Udina batani, udikira, dziko lidumpha. Udinanso, udikira, lidumphanso. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, nafenso tinatha Mitral momwemo. Wosadziwa akanati ndinu waulesi, a Driller, koma ife tikudziwa thukuta limene linkatsika pakati pa kudumpha kumodzi ndi kunzake. Purosesa ya Z80, yothamanga 3.5 MHz, yobadwa yopanda ngakhale lamulo lochulukitsira manambala, inkawerengera ngodya iliyonse ya bokosi lililonse, n'kuzitembenuza molingana ndi kumene maso aloza, n'kusanja kuti cha kutali chikhale kumbuyo ndipo cha pafupi chikhale patsogolo, kenako n'kupaka. Utoto wokwanira munalibe, ndiye pansi ndi khoma munkazisiyanitsa ndi timadontho, apa tothithikana, apo totalikirana. Pa Commodore 64 munkayenda mwaulemu kwambiri kuposa pamenepo, mwina dala, kuti anthu amve bwino nyimbo imene Matt Gray anakupekerani.

Nanga chinatigwira mtima n'chiyani mwa munthu wochedwa chonchi, wosauka utoto chonchi? Chipilala, abale, chipilala. M'magemu ambiri a nthawiyo chipilala chinali chithunzi chopakidwa, chopanda msana. Kwa a Driller unkatha kuchizungulira, ndipo kuseri kwake kunaliko ndithu. Unkakweza maso n'kuona denga. Unkawatsitsa n'kuona phompho limene watsala pang'ono kugweramo. Ukabwerera pamalo pamene unachoka, zinthu unkazipeza pomwe unazisiya, zikukudikira, ngati kuti zakhala zilipo ngakhale pamene sunali kuziyang'ana. Mwana amene anazungulira chipilala chimenecho koyamba anadzuka pampando, napita kukaitana mbale wake kuti adzaone. Mbale wakeyo anaona mabokosi otuwa, nafunsa kuti gemu iyamba liti. Mwa awiriwa, amene anaona zoona ndi woyambayo.

Mbi-ti! Mbi-ti! Abale ake alowe m'bwalo.

A Dark Side a 1988, Msenza-injini-kumsana, tikukuonani, dutsani. A Total Eclipse a chaka chomwecho, inu imani pang'ono. Mzonda-piramidi, Mthamangitsana-ndi-kadamsana, Wowerenga-kugunda-kwa-mtima! Munatitsitsa ku Egypt wa 1930 pafupi ndi kandege ka mapiko osanjikiza, munatiuza za temberero loti mwezi ukangophimba dzuwa uphulika, ndipo munatikankhira mumdima wa piramidi. M'munsi mwa sikirini mtima ukugunda, madzi a m'botolo akuphwa, nthawi ikutha. Mantha amene munatipatsa ndi timabokosi tosayenda, opanga mafilimu amawasaka ndi mamiliyoni. Ndipo inu a Castle Master a 1990, Mgenda-mizukwa, Mfunafuna-mapasa, amene munkafunsa kaye ngati wosewera akufuna kukhala mwana wamwamuna wa mfumu kapena wamkazi asanapite kukawombola mnzake wobadwa naye kwa Magister. Mlatho wa pachipata chanu unkatsika ukaugenda mwala pamalo pake. Tsiku lina wina wamwano anaima pamlathopo n'kuutseka, ndipo unamuponya m'mwamba. Simunamuletse, simunamulange. Munali mutadziwa kale kuti wina adzayesa.

Apa ndiye amayi imbani nthungululu, gunda igwedeze nthaka, pakuti akubwera mwini bwalo.

Gu-du-gu! Gu-du-gu! Gu!

A 3D Construction Kit! Sing'anga-woulula-mizu! Mpereka-nsompho-kwa-ana! Wosadya-yekha! Mlenga-alengi! Munatuluka mu 1991 kudzera ku kampani ya Domark, ndipo mutawoloka kupita ku America anakuvekani dzina lalikulu kuposa msinkhu wanu, loti Virtual Reality Studio. Ena akapeza chinsinsi cha malonda amachikwirira pansi pa bedi. Eni Freescape anatenga injini yomwe ija inayendetsa Driller ndi Castle Master, n'kuiika m'bokosi, n'kuuza ogula kuti mangani zanu. M'bokosimo munalinso tepi ya vidiyo ya VHS yophunzitsa kagwiridwe ka zida, poti munthu wa 1991 anali asanaonepo ntchito yotere ndipo buku lokha silikanamukwanira. Simunasankhe olemera okha. Munapita kwa a Amiga, a Atari ST ndi a PC, komanso munatsikira kwa a Spectrum, a Amstrad ndi a Commodore 64, amene anthu ankati nthawi yawo yatha.

Zida zanu zinali zowerengeka pa zala: bokosi, piramidi, mzere, ndi timapepala tafulati ta ngodya zitatu, zinayi, zisanu, zisanu n'chimodzi. Basi. Ndipo pafupifupi aliyense ankayamba ndi nyumba. Bokosi, ulitambasule m'litali ndi m'lifupi. Piramidi, uyikweze mpaka ikhale pamutu pa bokosi, ndiye denga limenelo. Kapepala kakuda ukamatike pakhoma, ndiye chitseko. Tikukumbukira madenga oyandama m'malere chifukwa womanga anayang'anira mbali imodzi yokha, akazungulira n'kupeza denga lili patali ndi nyumba yake. Tikukumbukira zitseko zomira m'khoma. Tikukumbukira womanga wodzitsekera m'chipinda chimene waiwala kuchiboolera khomo, ali mkaidi wa manja ake omwe. Tikukumbukiranso matsenga aja oti chitseko chinkakutumiza ku chigawo china, moti kanyumba kooneka ngati ka nkhunda kunja kankakhala ndi holo yaikulu mkati, ndipo m'holomo chitseko china chotulukira pamwamba pa phiri. Amisiri a mapulani akanakomoka. Ife tinkaitana anthu kuti adzaone kwathu.

Munatiphunzitsanso kulamula. Chilankhulo chanu, Freescape Command Language, chinali cha mawu ochepa, IF, THEN, GOTO, VIS, INVIS ndi anzawo, koma ukauza khoma kuti wina akaliwombera lizimiririke, linkamvera. Ukauza pansi kuti wopondapo agwere kwina, ankagwa. Ana ambiri amene ankathawa masamu kusukulu anaphunzira x, y ndi z usiku popanda wowakakamiza, chifukwa denga linkakana kukhala pamalo pake. Ukamaliza, pulogalamu inkakupangira gemu yoima payokha, yoti uyikopere pa disiketi, ulembepo dzina ndi bolopeni, upatse mnzako amene alibe Kit. Zambiri mwa zimene zinapangidwazo zinali zoipa, tisanamizane. Zinali zathu.

Mbalule, woloka Atlantic. Kukuzizira kumene tikupitaku.

Wawa a REND386, ana a ku Waterloo m'chigawo cha Ontario. Obadwa-kwa-awiri, Dave Stampe ndi Bernie Roehl, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Aulere! Mtsegula-mpanda! Wotsitsa-za-kumwamba-n'kuziika-patebulo! Masiku amenewo virtual reality yeniyeni inkakhala m'malabotale a NASA ndi ku kampani ya VPL ya Jaron Lanier ku California, pa makompyuta a Silicon Graphics odya madola masauzande ambirimbiri. Munthu wamba ankangoiona m'magazini. Inu munati 386 ya pakhomo ikwana. Munakana masamu a tizigawo amene ankalemetsa purosesa, n'kuwerengera zonse ndi manambala athunthu. Munavomera sikirini ya timadontho 320 m'lifupi ndi 200 m'litali. Pamenepo dziko linayamba kuyenda osadumpha, likutembenuka pamene dzanja latembenuka. Ndipo simunapemphe ndalama kwa wongofuna kuphunzira ndi kusewera. Anthu ankakoperana, disiketi kubala disiketi.

Wa ndewere, fulumiza, zithunzi zachuluka pa sekondi. Te-te-te-te-te!

Chimene timakukonderani kwambiri, a REND386, n'choti munalibe chobisa m'mimba. Chinthu chilichonse cha m'dziko lanu chinali fayilo ya malemba wamba yotchedwa PLG, yotsegulika ndi pulogalamu iliyonse yolembera. Mzere woyamba: dzina la chinthu, kuchuluka kwa ngodya zake, kuchuluka kwa nkhope zake. Kenako ngodya iliyonse ndi manambala ake atatu. Kenako nkhope iliyonse, utoto wake ndi ngodya zoti zilumikizidwe. Bokosi lili ndi ngodya 8 ndi nkhope 6, ndiye mizere 15 yokha, bokosi labadwa. Munthu ankalijambula kaye pa pepala la timabokosi ndi pensulo, n'kutaipa manambala mmodzimmodzi. Akasokoneza dongosolo la ngodya, khoma linkaoneka ukakhala mkati koma ukatuluka n'kusowa, ndipo ankakhala mpaka tambala woyamba akufufuza pamene walakwitsa. Wochita zimenezi ankadziwa dziko lake mpaka ku mafupa.

Mu 1993 munatuluka m'buku lotchedwa Virtual Reality Creations, m'kati mwake muli disiki ndi kachipangizo ka katoni ka magalasi a Fresnel, koti munthu apinde yekha n'kusuzumira pa sikirini yogawidwa pawiri, chithunzi cha diso lamanzere uku, cha lamanja uku. Pamene Google inkaonetsa katoni yake ya Cardboard mu 2014, achinyamata anaomba m'manja, akuluakulu ena anangomwetulira. Chaka cha 1994 Linda Jacobson analemba buku la Garage Virtual Reality, ndipo mtundu wonse wa owotcherera mawaya usiku unapeza dzina.

Koma dziko lopanda dzanja n'longoonera. Lowani a Power Glove.

Pha! Pha! Pha-pha!

Wokanidwa-ndi-ana! Wotoledwa-ndi-amisiri! Dzanja-lonjenjemera! Mdzukulu-wosauka-wa-DataGlove! Kampani ya zidole ya Mattel inakutulutsani mu 1989 kuti ana azisewerera magemu a Nintendo, inakuonetsani mufilimu ya The Wizard, ndipo ana atakuvalani anapeza kuti Mario akumvera bwino mabatani akale kuposa inu. Magemu opangidwira inu enieni anali awiri okha. Posakhalitsa munali m'mabasiketi a zotsika mtengo. Kumeneko n'kumene anakupezani anthu a m'magalaja, pakuti ankadziwa chimene munabisa pansi pa pulasitiki wotuwayo. Pa dzanja panu panali timasipika tiwiri tolira mawu opitirira khutu la munthu. Pa ngodya za TV pankakhala timakutu titatu tomvetsera, ndipo nthawi imene mawuwo atenga kuti afike pa kakhutu kalikonse ndiyo inkaulula pamene dzanja lili. M'zala munali timizere ta inki yodutsa magetsi, tosintha mphamvu chala chikapindika. Zala zinayi zokha. Kachala kakang'ono munakasiya kuti mtengo utsike. DataGlove ya VPL inkagulidwa ndi madola masauzande, inu osafika ngakhale 100. Magazini ya Byte inasonyeza mu 1990 mmene angakulumikizireni ku PC, ndipo anthu anadula nthambo yanu, nawotcherera mawaya, nakulowetsani pa khomo la pirinta.

Kenako chinachitika chija sitidzaiwala. Pa sikirini panatuluka dzanja la timabokosi, loyandama lopanda mkono. Munthu anapinda chala chake, chala cha m'galasi chinapinda. Anafumbata, chinafumbata. Anatambasula mkono, nagwira kabokosi ka m'dziko losakhalako, nakanyamula, nakaika pena. Dzanjalo linkanjenjemera, nthawi zina linkathawira kungodya popanda wolituma, mkono weniweni unkatopa pasanathe mphindi khumi. Zonsezo tinakhululuka. Munthu anali atalowetsa dzanja lake m'kompyuta ya bambo ake, ndi chidole chimene ana anataya.

Pambali panu pankayenda a magalasi a Sega a 1987, obedwa ku Master System. Mtsinzina-diso-limodzi! Galasi lamanzere likada, lamanja liyera, lamanja likada, lamanzere liyera, mogwirizana ndi sikirini imene inkasinthanitsa zithunzi ziwiri mofulumira, mpaka ubongo n'kuvomera kuti bokosi latuluka m'galasi ndipo likulendewera pamwamba pa kiyibodi. Malipiro ake anali mutu waching'alang'ala. Tinkalipira, n'kubweranso mawa.

Tsopano ng'oma zonse zilire mopitirira muyeso, pakuti akudutsa odzitama. Awa sitiwagwadira, tingowatchula.

Gwe-gwe-gwe-gwe-gwe!

A The Lawnmower Man a 1992, filimu ya Pierce Brosnan ndi Jeff Fahey, Mlonjeza-kumwamba, amene munauza dziko kuti chisoti chisandutsa wotchetcha kapinga kukhala mulungu. Anthu anatuluka m'nyumba za kanema n'kukayang'ana timabokosi ta REND386, nakhumudwa. Mlandu umenewo ndi wanu. A Virtuality a Jonathan Waldern a ku Leicester, inu tikupatsaniko ulemu pang'ono: kuyambira 1991 munkaima m'nyumba za magemu, munthu n'kulipira kuti avale chisoti cholemera kwa mphindi zochepa, chimbalame cha Dactyl Nightmare chimunyamule n'kumugwetsa. Chotisangalatsa n'choti m'mimba mwanu munali Amiga 3000, mbale wa yomwe inali pa desiki kunyumba. A Sega VR, oonetsedwa mu 1993, osafika m'sitolo ngakhale tsiku limodzi. A Virtual Boy a Nintendo a 1995, ofiira ndi akuda, a magemu 22 okha, ogona m'manda chaka chisanathe bwino. Ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika, ndipo pong'ambika inaopseza ndalama zonse, virtual reality n'kukhala mawu ochititsa manyazi kwa zaka zoposa khumi.

Pakati pa phokosolo panali mmodzi amene anayesetsa moona. Wawa a VFX1 a kampani ya Forte ya ku Rochester, New York, a 1995. Chisoti-cha-pakhomo, Mphimba-makutu, Mtembenuza-m'mimba! Diso lililonse munalipatsa timadontho 263 m'lifupi ndi 230 m'litali, moti zilembo zinkawerengeka mongoganizira. Kuti mugwire ntchito, mwini wake ankamasula kompyuta, n'kulowetsa khadi lanu m'kati, n'kulilumikiza ndi nthambo ku khadi la zithunzi, kenako n'kulimbana ndi CONFIG.SYS ndi AUTOEXEC.BAT kuti apeze malo mu 640K ija DOS inkaumira. M'dzanja ankagwira kambale kotchedwa Cyberpuck. Zonse zikatheka, ankalowa mu Descent, m'migodi yopanda pansi ndi pamwamba, n'kutembenuza mutu, dziko n'kutembenuka naye. Linkatembenuka mochedwa pang'ono, ndipo kuchedwa kumeneko ndiko kunkadwalitsa: diso likuti tikuuluka, khutu la m'kati likuti takhala pampando, mimba n'kuweruza mlanduwo ndi nseru. Munali okwera mtengo, madola mazanamazana, ndipo anzanu a i-glasses ndi a CyberMaxx anagwa nanu limodzi. Komabe amene anakuvalani amakutchulani mpaka lero ndi mawu otsika.

Pumulani pang'ono, oimba. Akudutsa wofatsa, safuna phokoso.

A Vistapro, Mwumba-mapiri, Wogwira-ntchito-eni-ake-ali-m'tulo. Kampani yanu inkatchedwa Virtual Reality Laboratories, koma simunkathamangitsa munthu. Munkatenga manambala enieni a kutalika kwa nthaka, a Mount St. Helens lisanaphulike ndi litaphulika, a mapiri a ku Mars, n'kufunsa mwini Amiga kuti kamera aiika pati, dzuwa lichokere kuti, mitengo ilekezere pati, chipale chiyambire pati. Akayankha, ankapita kukagona, m'mawa n'kupeza phiri. Arthur C. Clarke, ali ku Sri Lanka, anakugwiritsani ntchito pojambula Mars wobiriwira wa m'buku lake la The Snows of Olympus la 1994. Mkulu wolemba za m'mlengalenga ndi mwana wa sukulu ankagwira chida chimodzi.

Otsiriza kulowa ndi a nthawi ya modemu, oyenda pa waya wa telefoni. A VRML a Mark Pesce ndi Tony Parisi, oonetsedwa ku Geneva mu 1994, Mlota-intaneti-yoyendamo, amene munkakhulupirira kuti posachedwa anthu adzasiya kuwerenga masamba n'kumayenda m'makonde. Sizinatero. Koma nanunso munali malemba wamba, Cube, Sphere, Cone, Cylinder, oti aliyense atsegule n'kuona mmene mnzake wamangira. Ndi inu a AlphaWorld a 1995, Chigwa-chopanda-mfumu, Mgawa-malo-osafunsa-mbumba! Munali dambo lobiriwira lalikulu ngati California, lopanda kanthu, ndipo aliyense wolowa ankasankha malo n'kuyamba kumanga. Patapita zaka, atajambula mapu anu kuchokera kumwamba, panaoneka nyenyezi: pakati mzinda wothithikana, ndipo kuchokera pamenepo mizere ya nyumba yolunjika kumpoto, kumwera, kum'mawa, kumadzulo ndi m'ngodya. Palibe anailinganiza. Anthu ankangosankha manambala a malo osavuta kukumbukira, ofanana uku ndi uku kapena okhala ndi ziro mbali imodzi, ndipo ulesi wa mitu yawo unajambula nyenyezi. M'dambomo muli nyumba za anthu amene anachoka kalekale, ena anamwalira, zikwangwani zawo zikulonjerabe odutsa.

Ndikumva wina kumbuyoko akunong'ona kuti mkuluyu akulira unyamata wake, mapulogalamu akungowanamizira. Mwana wa mlongo wanga, bwera kutsogolo, unene mokweza. Zisoti za lero n'zabwino, ndani angakane? Kuchokera pamene Palmer Luckey anapempha anthu kuti asonkhere Oculus Rift mu 2012, Facebook n'kugula kampani yake mu 2014 ndi madola 2 biliyoni, zithunzi zikusintha ka 90 pa sekondi, nseru yachepa, dzanja silinjenjemeranso. Apple inatulutsa chake mu 2024 pa madola 3,499. Zida zomangira nazonso zilipo, Blender ndi Godot n'zaulere, ndipo mwana womanga nyumba ya mabokosi mu Minecraft ndi mdzukulu wa Kit m'makhalidwe ngakhale si m'magazi. Zonsezo ndavomera. Chimene ndikulira n'choti dziko la 1992 linkakwana m'mutu mwa munthu mmodzi, kuyambira pa waya wowotcherera pa khomo la pirinta mpaka pa ngodya yomaliza ya bokosi. Likawonongeka unkadziwa pogwira. Chisoti cha lero chimakulandira ngati mlendo wolemekezeka: lembetsa dzina, vomera malamulo amene sunawerenge, sitolo ili apo pakhomo. Chimakupatsa tsamba lililonse la mtengo, mthunzi uliwonse, osakusiyira chowonjezera. A Driller ankakupatsa bokosi lotuwa, nsanja yoopsayo unkaimaliza wekha m'mutu. N'chifukwa chake litchowa la bwalo lino silipita kwa a chisoti chokwera mtengo. Lipita kwa a 3D Construction Kit ndi a REND386, amene anapereka zida n'kuchoka panjira.

Gu! Gu!

Amene mukufuna kuwaona ndi maso anu, sanafe onse. DOSBox imadzutsa mapulogalamu a DOS pa laputopu ya lero, ScummVM inaphunzira kuyendetsa magemu a Freescape monga Driller, ndipo za Spectrum ndi Amiga zili ndi mapulogalamu ozitsanzira. Mukamuyatsira mwana, musamuuze kuti n'zokongola, angakusekeni. Mungomuuza kuti azungulire kuseri kwa chipilala. Ndipo inu amene muli ndi katoni ya madisiketi pamwamba pa wadirobu, kaya ku Leicester, ku Toronto kapena ku Johannesburg, itsitseni sabata ino. Maginito a disiketi amafooka ndi zaka, nkhungu nayo sidikira. Magemu a m'sitolo anasungidwa kale ndi ena. Zimene zikutayika ndi nyumba za madenga oyandama zimene munamanga nokha, zolembedwa dzina ndi bolopeni, ndipo palibe wina ali nazo. Pezani makina owerengera madisiketi, muzikopere zisanafufutike.